Malire a msewu m'masewera a mpikisano wa magalimoto a pa intaneti

Malire a msewu ndi malamulo amene amanena malo amene galimoto ikuloledwa kuyendamo pa mpikisano wothamangitsa magalimoto. M'masewera a pa kompyuta, PlayStation ndi Xbox amene anthu amapikisana kudzera pa intaneti, malamulowa ndi amene amagamula ngati nthawi imene wosewera wapanga iwerengedwe kapena itayidwe. Kuzungulira bwalo kamodzi osewera amakutcha lap. Lap imene galimoto yamaliza osatuluka m'malire imatchedwa yoyera, ndipo imene galimoto yadumpha malire imatchedwa yodetsedwa kapena yosavomerezeka.

Masewera odziwika kwambiri amene ali ndi malamulo otere ndi iRacing, Gran Turismo, Forza Motorsport, Assetto Corsa ndi F1. Onsewa ali ndi malire, koma aliwonse amawayeza mwa njira yakeyake. Wosewera amene wazolowera Gran Turismo akalowa mu iRacing amatha kulandira chilango pa khona lomwelo limene kwawo amadutsa popanda vuto.

Chifukwa chake malire alipo

Munthu amene anakwerapo phiri la Zomba amadziwa kale mutu wa nkhaniyi. Msewu wa phula wochokera m'tauni kupita ku hotela ya Ku Chawe umakhotakhota potsata mbali ya phiri, pomwe kanjira ka oyenda pansi kotchedwa Potato Path kamakwera molunjika. Atati anthu awiri apikisane kuti afike pamwamba, wina n'kutsata msewu wonse wina n'kudulira, nthawi zawo sizingafanizidwe chifukwa mtunda umene ayenda ndi wosiyana. Ntchito yoyamba ya malire ndi imeneyi: aliyense ayende mtunda umodzimodzi.

Koma pa mpikisano wa magalimoto kudulira koonekeratu chonchi n'kosowa. Chimene chimavuta kwenikweni ndi masentimita ochepa pa khona. Galimoto ikamakhota, matayala amangotha kugwira phula mpaka pa liwiro linalake, ndipo likapitirira imayamba kutsetsereka. Liwiro limeneli limadalira kukula kwa khonalo. Khona lotambasuka limalola liwiro lalikulu, lopanikizika limafuna kuponda mabuleki kwambiri. N'chifukwa chake woyendetsa waluso amayambira kunja kwa msewu, n'kulowera mkati pakatikati pa khona, kenako n'kutulukiranso kunja. Akatero amakhala akuwongola khonalo kuti likhale lotambasuka kuposa mmene analimangira. Anyamata otsika phiri la Zomba panjinga zolemedwa ndi nkhuni amachita zomwezi popanda wowaphunzitsa, ngakhale kuti pa msewu wa aliyense n'zoopsa chifukwa kutsogolo kumabwera magalimoto.

Mwachitsanzo, galimoto ya matayala abwino ikhoza kudutsa pa liwiro la makilomita pafupifupi 80 pa ola pa khona limene utali wochokera pakati pa bwalo lake kufika pamene galimoto ikudutsa ndi mamita 50. Woyendetsa akaba malo pang'ono kunja kwa mzere, utaliwo n'kufika mamita 55, galimoto yomweyo imadutsa pa makilomita pafupifupi 84 pa ola. Makilomita 4 owonjezerawo samathera pa khona pomwepo. Amapita nawo mu msewu wonse wowongoka umene ukutsatira. Pa liwiro la makilomita 200 pa ola galimoto imayenda mamita oposa 55 pa sekondi imodzi, kotero kusiyana kwa masekondi 0.1 ndi mamita asanu ndi theka, kuposa utali wa galimoto yonse. Pa mndandanda wa pa intaneti wa osewera zikwizikwi, masekondi 0.1 amatha kukweza kapena kutsitsa munthu ndi malo ambirimbiri.

Kumene lamuloli linachokera

Masewerawa anatengera lamuloli ku mipikisano yeniyeni. Bungwe la FIA, limene limayang'anira Formula One, limati galimoto yatuluka mu msewu ngati palibe mbali yake iliyonse imene ikukhudzabe msewuwo. Mzere woyera wa m'mphepete umawerengedwa kuti ndi msewu. Timakwerero ta simenti topakidwa utoto wofiira ndi woyera timene timakhala m'makhona, timene amatitcha kerb, sitiwerengedwa. Choncho tayala limodzi likangokhudza mzere woyera, ngakhale atatu enawo ali kunja, galimotoyo ili bwino. Pa mpikisano wa Formula One woyendetsa akatuluka katatu amamuonetsa mbendera yakuda ndi yoyera yomuchenjeza, ndipo kachinayi amamuwonjezera masekondi 5.

Kale vutoli linali laling'ono chifukwa kunja kwa msewu kunkakhala kapinga, miyala kapena khoma, ndipo wotuluka ankadzilanga yekha. Mabwalo ambiri amakono anathira phula kunja kwa makhona pofuna kuchepetsa ngozi. Phulalo linapulumutsa anthu, komanso linachititsa kuti kutuluka mu msewu kukhale kopindulitsa.

Mu October 2017 ku Austin, Max Verstappen anapitirira Kimi Räikkönen pa lap yomaliza matayala onse anayi ali mkati mwa khona kupyola mzere. Anamuwonjezera masekondi 5 ndipo anataya malo achitatu atatsala pang'ono kukwera pa nsanja yolandirira zikho. Pa 28 March 2021 ku Bahrain anapitirira Lewis Hamilton ali kunja kwa khona lachinayi, ndipo anauzidwa kuti abweze malowo. Hamilton ndi amene anapambana. Chisokonezo chachikulu chinachitika pa 2 July 2023 pa bwalo la Red Bull Ring ku Austria, kumene FIA inanena kuti panali maulendo oposa 1,200 amene magalimoto ankaganiziridwa kuti atuluka, makamaka pa makhona awiri omaliza. Timu ya Aston Martin itadandaula, zotsatira zinasinthidwa patapita maola angapo mpikisano utatha. Carlos Sainz anatsika kuchoka pa nambala 4 kufika pa 6, Hamilton kuchoka pa 7 kufika pa 8, ndipo Esteban Ocon anawonjezeredwa masekondi 30. Chaka chotsatira eni bwalo anathira miyala ing'onoing'ono kunja kwa makhona awiriwo, n'kubwerera ku nzeru yakale ija.

Mmene kompyuta imadziwira kuti galimoto yatuluka

Pa mpikisano weniweni anthu amayang'ana zithunzi za makamera n'kugamula. M'masewera a pa intaneti mipikisano imachitika usana ndi usiku, ndipo yambiri mwa iyo ilibe munthu woyang'anira. Woweruza ndi pulogalamu.

Njira yakale kwambiri ndi ya zipata zosaoneka. Opanga masewera amaika zipata motsatizana kuzungulira bwalo, ndipo lap imawerengedwa pokhapokha galimoto yadutsa zonse mwa dongosolo lake. Titati tiyerekeze kuti msewu wa ku Ku Chawe uja wajambulidwa m'masewera, chipata chimodzi chikhoza kukhala pa khona lililonse, ndipo wodulira pa Potato Path angafike pamwamba koma kompyuta n'kumuona ngati sanamalize. Njira imeneyi imagwira wodulira kwambiri, koma siona wakuba masentimita. Njira yofanana nayo ndi imene imagwira ntchito mu Trackmania, kumene aliyense ali ndi ufulu wodutsa kulikonse malinga wakhudza zipata zonse. Mu Mario Kart Wii osewera anatulukira mmene angapusitsire zipatazi pa mabwalo ngati Grumble Volcano, n'kumamaliza lap m'masekondi ochepa chabe.

Masewera ofuna kufanana ndi zenizeni amawonjezera njira zina ziwiri. Yoyamba ndi yolemba chizindikiro pa chidutswa chilichonse cha nthaka ya bwalolo, kuti apa ndi msewu, apa si msewu, kenako pulogalamu n'kumawerenga matayala amene aponda kunja. Mu Assetto Corsa mwini wa server amasankha yekha kuti ndi matayala angati amene angatuluke lap isanatayidwe, ndipo ambiri amaika awiri. Yachiwiri ndi yoyang'ana pakati pa galimoto m'malo mwa matayala. Umu ndi mmene iRacing imachitira m'makhona ambiri: pakati pa galimoto pakadutsa malire amene anaikidwa pamalopo, wosewera walakwa, ngakhale matayala awiri akadali pa phula.

Chovuta n'chakuti malire amene pulogalamu ikuona sagwirizana nthawi zonse ndi mzere woyera umene wosewera akuona. Pa khona lina kerb yonse imaloledwa, pa lina imaloledwa theka, ndipo pa lina phula lobiriwira la kuseri kwa kerb limaloledwanso. Palibe chikwangwani chonena zimenezi. Osewera amaziphunzira poyesa, kutuluka pang'onopang'ono mpaka nthawi yawo itafiira, kapena poonera mmene othamanga kwambiri amadutsira.

Forza Motorsport ndi mawu akuti lap yoyera

Mawu akuti lap yoyera ndi yodetsedwa amamveka kwambiri pakati pa osewera Forza Motorsport, masewera a kampani ya Turn 10 Studios amene anayamba kutuluka mu 2005 pa Xbox. Lap ikadetsedwa pamaoneka kachizindikiro ka makona atatu pafupi ndi nthawi. Nthawiyo sifufutidwa, koma pa mndandanda imaikidwa pansi pa ma lap oyera onse. Munthu amene wazungulira bwalo m'mphindi zitatu mosalakwitsa amakhala pamwamba pa amene wazungulira m'mphindi imodzi ndi theka koma anaponda kapinga kamodzi. Lamuloli ndi louma, komabe lili ndi ubwino wakuti aliyense amalimvetsa tsiku loyamba.

Kutuluka mu msewu si chinthu chokhacho chimene chimadetsa lap. Kugunda khoma kapena galimoto ina kumaidetsanso, chimodzimodzi kubweza nthawi m'mbuyo kuti ukonze pamene unalakwitsa. M'masewera ena a Forza ngakhale kuyenda kumbuyo kwenikweni kwa galimoto ina kumadetsa lap, chifukwa yakutsogoloyo imakutchingira mphepo ndipo umathamanga kuposa mmene ukanathamangira wekha. Komanso wosewera akatuluka chakumapeto kwa lap, yotsatirayo imayamba ili yodetsedwa kale. Ongoyamba kumene amaona ngati masewera awonongeka, koma chifukwa chake n'chomveka: wotambasula khona lomaliza amadutsa pa mzere woyambira ali pa liwiro lalikulu, ndipo phindu lakelo limalowa mu lap yatsopano. Lamulo lomweli lili m'masewera a F1.

Kwa zaka zambiri chizindikirochi chinkangokhudza mndandanda wa nthawi. Pa mpikisano wa anthu ambiri munthu ankatha kudulira khona, kupitirira anzake n'kupambana popanda chilango. Mu 2018 opanga Forza Motorsport 7 anajambulanso malire a mabwalo ake ndi kuika mizere yowala yosonyeza pamene malirewo ali, ndipo mu 2019 anayambitsa Forza Race Regulations, dongosolo lowonjezera masekondi kwa wodulira. Forza Motorsport ya mu October 2023 inatuluka ili kale ndi zilango komanso mlingo woyeza khalidwe la wosewera aliyense.

iRacing

iRacing inayamba mu 2008. Anaiyambitsa ndi David Kaemmer ndi John Henry, mwini wake wa timu ya mpira ya Liverpool. Kuno cholakwa chilichonse chili ndi mapointi ake. Kutuluka mu msewu ndi 1x, kuzungulira galimoto italephera kuwongoleka kapena kugunda khoma ndi 2x, ndipo kugundana mwamphamvu ndi galimoto ina ndi 4x. Pa nthawi yolimbirana malo oyambira, 1x imodzi yokha imataya lap yonse. Pa mpikisano mapointiwa akachuluka wosewera amalangidwa kapena kuchotsedwa kumene. Wodulira khona amalandiranso uthenga womulamula kuchepetsa liwiro mpaka atabweza nthawi imene waba, ndipo akanyozera amapatsidwa mbendera yakuda.

Chimene chimapangitsa anthu kuopa 1x ndi chakuti imawatsata mpikisano utatha. Wosewera aliyense ali ndi Safety Rating, nambala yoyambira 0.00 kufika 4.99, imene imawerengedwa poona makhona amene wadutsa ndi zolakwa zimene wapanga. Nambala imeneyi ndi imene imamukweza kuchoka pa laisensi ya Rookie kupita ku D, C, B mpaka A, ndipo magalimoto amphamvu amafuna laisensi yapamwamba. Munthu wothamanga kwambiri koma wosasamala malire amakhalitsa m'munsi. Popeza iRacing ndi yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo magalimoto ndi mabwalo ambiri amagulidwa paokha, kutsika laisensi kumatanthauza kulephera kupikisana ndi galimoto imene unaigula ndi ndalama zako.

Masewera ena

Gran Turismo Sport ya mu 2017 ndi Gran Turismo 7 ya mu March 2022, zopangidwa ndi Polyphony Digital ya ku Japan, zimapereka chilango cha masekondi kuyambira theka la sekondi. Wosewera akafika pamalo oikika a bwalo, galimoto yake imachepa liwiro yokha n'kusanduka ngati chithunzithunzi kuti anzake amudutse osamugunda. Mu Assetto Corsa Competizione ya mu 2019 lap imatayidwa ukangotuluka, koma pa mpikisano pulogalamu imaonanso ngati wapindula. Ukachotsa phazi pa mafuta n'kutaya nthawiyo, nkhani imathera pomwepo. Ukapitiriza kubwereza umalamulidwa kudutsa m'malo okonzera magalimoto pa liwiro lochepa. Masewera a F1 a kampani ya Codemasters, imene EA inaigula mu 2021, amalola wokonza mpikisano kusankha pakati pa malire wamba ndi okhwima, ndipo machenjezo akachuluka amawonjezera masekondi 3.

Pamene pulogalamu ikulola koma anthu akukana

Funso limene limagawanitsa osewera ndi lakuti: kodi chilichonse chimene pulogalamu sinalange n'chololedwa? Ena amati inde, popeza woweruza ndi mmodzi ndipo amaweruza onse mofanana. Ena amati masewerawa amatsanzira mpikisano weniweni, kotero chimene sichingachitike pa bwalo lenileni chisachitikenso pa kompyuta.

Mu 2022, pa mpikisano wa iRacing wa maola 24 pa bwalo la Spa, magulu ena akuluakulu ankayendetsa dala matayala awiri pa kapinga m'malo owongoka. Anali atazindikira kuti m'masewerawo kapinga amaziziritsa matayala msanga, ndipo matayala ozizira bwino amagwira phula kwambiri pa khona lotsatira. Ankatuluka mochepa moti 1x sinkabwera. Mu January 2023, pa mpikisano wa maola 24 wa Daytona, woyendetsa wa timu ya Williams Esports polimbirana malo oyambira anadutsa m'munsi mwa mzere wachikasu, pa phula lafulati limene lili pansi pa makhona opendekeka a bwalolo. Njira ya m'munsiyo ndi yaifupi, ndipo pulogalamu sinaione ngati kutuluka. Nkhaniyi inautsa mkangano waukulu chifukwa ambiri anati ikusemphana ndi malamulo olembedwa a iRacing. Pa milandu iwiri yonseyi kompyuta inati ma lap ndi oyera, pomwe anthu oonera amaona ndi maso awo kuti si oyera.

N'chifukwa chake magulu amene amakonza mipikisano yawoyawo amalemba malamulo owonjezera, monga lakuti matayala awiri azikhala mkati mwa mzere woyera nthawi zonse, ndipo amasankha anthu oonera kanema wa mpikisano ukatha. Chodabwitsa n'chakuti pamene osewera akuitana anthu kuti athandize kompyuta, a Formula One akuitana kompyuta kuti ithandize anthu. Kumapeto kwa 2023 ku Abu Dhabi, FIA inayesa pulogalamu yoyang'ana zithunzi ndi kusankha yokha magalimoto amene adutsa mzere.

Dandaulo lina, limene lili ndi maziko, ndi lakuti pulogalamu imaona kumene galimoto ili koma simvetsa bwino chimene chaifikitsa kumeneko. Wina akakukankhira kunja, chilango cha kutuluka chimatha kugwera iwe. Mu iRacing magalimoto awiri akagundana onse amalandira 4x mosayang'ana wolakwa, ndipo wodandaula amayenera kutumiza kanema ku kampaniyo pambuyo pake.

Kwa osewera a ku Malawi

M'malo osewerera PlayStation a m'matauni ngati Zomba, Blantyre ndi Lilongwe, masewera amene amalamulira ndi a mpira wa miyendo. A magalimoto amene achinyamata ambiri amawadziwa ndi a mtundu wa Need for Speed ndi Asphalt ya pa foni, amene kudulira ndi kugunda anzako ndi mbali ya chisangalalo chake. Wochokera kumeneko akalowa mu Gran Turismo kapena Forza pa intaneti amadabwa kuona kuti zimene ankapambana nazo ndi zimene zikumulangitsa.

Palinso vuto la mtunda. Galimoto ya wosewera imawerengedwa pa makina ake omwe, kotero malire amene akuwaona ndi enieni. Koma magalimoto a anzake amafika kudzera pa intaneti, ndipo amafika mochedwa. Kuchokera ku Zomba kufika pakati pa Ulaya ndi makilomita oposa 7,000, ndipo kuwala mu nthambo za intaneti kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Uthenga wopita ndi kubwerera sungatenge nthawi yochepera masekondi 0.07, ndipo popeza Malawi alibe nyanja yamchere, nthambozo zimayamba zadutsa m'maiko oyandikana nawo kenako n'kuzungulira gombe la Africa, zimene zimatalikitsa ulendowo. Kuchedwa kwa masekondi 0.15 pa liwiro la makilomita 200 pa ola ndi mamita oposa 8. Pulogalamu imayesa kulosera pamene galimoto ya mnzako ili, ndipo ikalosera molakwa mumagundana pamene aliyense pa sikirini yake akuona mpata. Wogundidwayo amapezeka ali pa kapinga, lap yadetsedwa, mlingo wake watsika. Magetsi akazima kapena bandulo ikatha mpikisano uli mkati, zonse zimathera pomwepo.

Pa chifukwa chimenechi mpikisano wa nthawi, umene munthu amazungulira bwalo yekha n'kutumiza nthawi yake pa mndandanda, ndi umene umapereka mwayi wofanana kwa wosewera wa ku Zomba ndi wa ku London. Kumeneko kuchedwa kwa intaneti kulibe mphamvu, ndipo chotsala ndi luso ndi malire basi.

Bwalo lotchuka limene lili pafupi ndi Malawi ndi Kyalami, ku Midrand pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, dera limene kumakhala Amalawi ambiri ogwira ntchito ku South Africa. Formula One inachitikako komaliza mu 1993, ndipo anapambana ndi Alain Prost. Lero bwaloli ndi lotalika makilomita pafupifupi 4.5 ndipo lili ndi makhona 16. Likupezeka mu Assetto Corsa Competizione kuyambira 2020 komanso mu Forza Motorsport ya 2023, ndipo masewera awiriwa amayeza malire ake aliyense mwa malamulo ake.